Kodi Kochi wa Volebo Amayang'ana Chiyani mwa Mwana?

Ana anga a ku Kandeu, kwa Inkosi Ganya, ndi inu a ku Lizulu, ku Tsangano ndi ku Bilila, senderani pafupi, azakhali anu ndabwera ndi nkhani ya mpira. Koma lero musangokhala pansi phee. Nkhani ya lero ikufuna miyendo, manja ndi maso anu. Pezani rula, kachoko kapena kakhala, ndi kope lanu. Muitanenso mnzanu mmodzi. Mwakonzeka? Tiyeni tiyambe!

Kodi mpira wake ndi uti? Si wa miyendo ayi. Si wa ntchemberembaye umene amasewera ma Queens athu. Uwu ndi volebo. Pakati pa bwalo amamangapo neti. Mbali iyi kumaima osewera 6, mbali inayo 6. Mpira usagwe pansi kumbali kwanu, ndipo simuloledwa kuugwira n'kuukumbatira. Tangoganizani mbatata yootcha yochoka kumene paphulusa. Simungaisunge m'manja, si choncho? Mpira wa volebo nawonso mumangoukhudza n'kuupereka. Timu imodzi imaloledwa kuumenya katatu basi, kenako uwoloke neti.

Nanga anayambitsa masewerawa ndani? Anali mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, dzina lake William G. Morgan. Ankakhala m'tauni ya Holyoke, ku America. M'chaka cha 1895 iye ankafuna masewera oti anthu azisangalala popanda kugundana kapena kukankhana. Anatenga neti ya tenisi n'kuikweza m'mwamba. Poyamba masewerawa ankatchedwa Mintonette. M'chaka cha 1964 volebo inaseweredwa koyamba pa mpikisano wa Olimpiki, mumzinda wa Tokyo ku Japan. Tatengani pensulo. Kuchoka 1895 kufika 1964 panapita zaka zingati? Mwapeza 69? Mwakhoza, dziombereni m'manja!

Kodi bwalo lake ndi lalikulu bwanji? M'litali ndi mamita 18, m'lifupi mamita 9. Neti imaligawa pakati ndendende. Ndiye mbali iliyonse ndi mamita 9 uku, mamita 9 uku. Mukufuna kuliona ndi maso anu? Yezani chingwe ndi rula yanu ya masentimita 30. Marula atatu, kuonjezapo masentimita 10, ndiye mita imodzi. Gonekani chingwecho pansi ka 9, mukulemba mzere ndi kamtengo. Kenako imani pakati, muyang'ane uku ndi uku. Malo onsewo anthu 6 ayenera kuwalondera kuti mpira usagwe. Eee, ndiye pamafunika miyendo yachangu!

Nanga neti imatalika bwanji? Ya amayi imatalika mamita 2 ndi masentimita 24. Ya abambo imatalika mamita 2 ndi masentimita 43. Pitani pakhomo la kalasi yanu, muyang'ane pamwamba pa chitseko. Zitseko zambiri zimathera cha pa mamita awiri. Neti ya volebo imapitirira pamenepo! Komatu osewera amadumpha mpaka dzanja kupitirira netiyo, n'kumenya mpira phaa! Mpirawo ndi wopepuka. Umalemera magalamu 260 mpaka 280. Mukagawa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi panayi, gawo limodzi latsala pang'ono kulemera mofanana ndi mpirawo.

Tsopano tsinzinani, muganize izi. Tsiku lina m'mawa kochi wa volebo wafika pasukulu panu ku Kandeu. Ali ndi wezulo m'khosi ndi kope m'manja. Akuti akufuna ana amene angadzakhale akatswiri. Kodi ayang'ana chiyani? Ndikudziwa, ambiri mwayankha kuti asankha ataliatali. Mwalasa pang'ono. Msinkhu umathandizadi pa neti. Koma kochi wanzeru saimira pomwepo. Amafuna aone mmene thupi la mwana limayendera. Kodi mwanayu amadumpha bwanji? Amatera bwanji? Akatembenuka amadzandira? Maso ake ndi manja ake amamvana?

Bwanji osangoyeza msinkhu n'kumapita? Taganizani za chimanga cha m'munda mwa agogo. Anadzala tsiku limodzi, mvula inagwa imodzimodzi. Koma mu Januwale china chimakhala chitafika m'chiuno, china chikadali m'mawondo. Pofika nthawi yokolola, chija chinali chachifupi chimapezeka chabereka chisononkho chachikulu. Ana nawonso ndi choncho. Wina amatalika msanga, wina amadzatalika mochedwa. Ngakhale m'kalasi imodzi, wobadwa mu Januwale amaposa wobadwa mu Disembala chaka chomwecho ndi miyezi pafupifupi 11. Ndiye kochi amene angoyang'ana msinkhu wa lero angasiye katswiri wa mawa.

Kodi kuyenda kwa thupi angakuyeze bwanji, poti sikukwera pasikelo? Funso limeneli linavutitsanso akuluakulu a ku Germany. M'chaka cha 1974, awiri mwa iwo, Kiphard ndi Schilling, anakonza timasewera tinayi toyezera ana. Koyamba, mwana amayenda chobwerera m'mbuyo pa kathabwa kopyapyala. Kachiwiri, amadumpha uku ndi uku pamwamba pa kamtengo. Kachitatu, amasuntha cham'mbali poponda timatabwa tiwiri mosinthanasintha. Kachinayi, amadumpha ndi mwendo umodzi kudutsa zinthu zofewa zosanjikiza. Mwaona? Mulibemo mpira ngakhale umodzi! Koma mpaka lero makochi a m'maiko ambiri amagwiritsabe ntchito timasewera timeneti.

Nanga timasewerati timanenadi zoona? Mverani zimene zinachitika ku Belgium. Akatswiri a pa yunivesite ya Ghent anayeza atsikana osewera volebo. Atsikanawo anali ataliatali komanso odziwa kudumpha. Patapita zaka zingapo, akatswiri aja anafufuza kuti aone amene anafika patali. Mukudziwa zimene anapeza? Amene anakwera pamwamba kwambiri anali aja amene ziwalo zawo zinkagwirizana bwino pa timasewera ta mtundu umenewu. Zimenezi anazilemba m'chaka cha 2015. Msinkhu ndi kudumpha n'zofunika, koma chimene chinawasiyanitsa ndi kumvana kwa maso, manja ndi miyendo.

Kodi ife ku Kandeu tingayese? Kwabasi! Tiyambe ndi kuyenda chobwerera. Musakwere pa thabwa lalitali kapena pa mpanda, mungagwe. Ingolembani mzere wowongoka pansi, wotalika mamita atatu. Imani kumapeto kwake, mzerewo uli kumbuyo kwanu. Tambasulani manja ngati mapiko a kabawi. Tsopano bwererani pang'onopang'ono, phazi kuseri kwa phazi linzake. Mnzanu aziwerenga. Mwaponda kangati musanaphonye mzere? Kathabwa kakang'ono kwambiri ka ku Germany kaja ndi ka masentimita atatu okha m'lifupi, ngati rula yanuyo. Tayang'anani rulayo, ndiye muyang'ane phazi lanu. Zodabwitsa, eti?

Kodi kuyenda pamzere kukukhudzana bwanji ndi volebo? Mpira ukapita m'mwamba, maso anu amakhala kumwamba. Simuona pamene mukuponda. Nthawi zina mpira umakudutsani pamutu, ndipo mumautsatira chobwerera m'mbuyo. Thupi liyenera kudziwa lokha pamene lili. M'kati mwa khutu lanu muli timadzi tochepa timene timauza ubongo ngati mwapendekeka. Mukazungulira kwambiri timadzito timavunduka, n'chifukwa chake mumamva chizungulire. Inu amene mumadendekera ndowa pochokera ku mjigo, luso limeneli muli nalo kale. Amene mumayenda pamwamba pa mzere wa m'munda osaterereka, inunso muli nalo.

Nanga miyendo yanu ndi yachangu bwanji? Gonekani kamtengo kakang'ono pansi, pamalo opanda miyala kapena minga. Imani pambali pake, mapazi ali pamodzi. Mnzanu akati yambani, dumphani kupita kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, mapazi onse awiri nthawi imodzi. Chitani zimenezi kwa masekondi 15. Pemphani wamkulu kuti akuyang'anireni nthawi pa wotchi kapena pa foni. Mwadumpha kangati? Lembani m'kope. Wosewera volebo amasuntha cham'mbali ngati nkhanu. Mpira ukapita uku, iye wafika kale. Ukabwerera uko, wafikanso.

Kodi mumadumpha kufika pati? Apa ndiye pokoma! Pemphani chilolezo kwa amayi kapena kwa aphunzitsi kuti mulembe pa khoma. Pakani choko kapena khala kunsonga za zala. Imani cham'mbali pafupi ndi khoma, mapazi ali nji pansi. Kwezani dzanja mpaka pamene lathera, mukhudze khoma. Chimenecho ndi chizindikiro choyamba. Tsopano pindani mawondo ngati chule, ponyani manja m'mwamba, dumphani, mukhudzenso khoma. Yezani ndi rula mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo. Mpata umenewo ndiwo kudumpha kwanu. Njira imeneyi anaifotokoza dokotala wa ku America, Dudley Sargent, m'chaka cha 1921. Papita zaka zoposa 100, koma ikugwirabe ntchito!

Mwaona chinsinsi chimene chili m'masewera a pa khomawa? Sayeza kuti wamtali ndani. Amayeza kuti mwachoka pansi motalika bwanji. Mwana wamfupi akhoza kuposa wamtali! Yesaninso kawiri. Koyamba dzanja linalo likhale m'chiuno. Kachiwiri muponye manja onse mwamphamvu. Mwadumpha kwambiri pati? Mwaonatu, manja amathandiza miyendo. Ndipo kochi amamvetseranso ndi khutu mmene mwaterera. Kodi mwagwa kuti khu ngati thumba la chimanga, kapena mwatera mwakachetechete ngati mphaka? Mphaka amayamba kuponda ndi zala, n'kupinda miyendo. Terani ngati mphaka, mawondo anu adzakuthokozani.

Nanga maso ndi manja anu amamvana msanga? Mnzanu agwire rula kumwamba, iloze pansi, nambala 0 ili m'munsi. Inu ikani chala chachikulu ndi cha mkombaphala m'mbali mwa 0, koma osakhudza. Mnzanuyo aitaye mosakuchenjezani. Igwireni msanga! Mwaigwira pa nambala yanji? Nambala ikakhala yaing'ono, ndiye kuti mwachita changu. Taganizani ulendo umene wachitika. Diso laona, lauza ubongo, ubongo watuma uthenga kudutsa m'khosi ndi m'mkono mpaka ku zala. Zonsezo zachitika sekondi imodzi isanathe. Thupi lanu ndi lodabwitsa, ana inu!

Kodi popanda mpira wogula tingaphunzire? Inde, mpira wachikulunga ulipo. Kulungani majumbo akale, koma musaumange molimba kwambiri, ukhale wofewa ndi wopepuka. Uponyeni m'mwamba, ombani m'manja kamodzi, n'kuuwakha. Kenako ombani kawiri, kenako katatu. Mwafika kangati? Tsopano phatikizani manja, muwongole mikono kutsogolo ngati thabwa. Mnzanu akuponyereni mpira pang'onopang'ono. Ulandireni ndi mikono, pakati pa chigongono ndi dzanja, muubwezere kwa iye. Pindani mawondo, miyendo ndiyo ikankhe. Poyamba uzithawira kumbali. Musataye mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi pali china chimene kochi amaona, chimene rula singayeze? Chilipo, ndipo ndi chachikulu. Amaona mwana amene waphonya mpira n'kunena kuti, "Ndiponyereninso." Amaona mwana amene amamvetsera akamalangizidwa. Amaona amene amafuula kuti, "Wanga!" kuti asagundane ndi mnzake. Amaonanso amene amalimbikitsa mnzake akalakwitsa. Pajatu mu volebo munthu saloledwa kumenya mpira kawiri motsatizana pofuna kudzikonzera yekha. Wina amalandira, wina amakweza, wina amamenya. Mutu umodzi susenza denga. Ngakhale katswiri wamkulu amadikira kuti mnzake amukwezere mpira.

Nanga ine wamfupi, malo anga alipo? Alipo, mwana wanga, usadandaule. Ukadzaonera volebo, udzaone wosewera mmodzi wovala malaya osiyana ndi anzake. Ameneyo amatchedwa libero. Udindo umenewu unayamba m'chaka cha 1998. Ntchito yake ndi kulondera kumbuyo, kudziponya pansi ndi kutola mipira yovuta. Nthawi zambiri iye ndiye amakhala wamfupi m'timu. Mverani izinso. Ku Japan kunali wosewera wamkazi dzina lake Yoshie Takeshita. Msinkhu wake ndi mita imodzi ndi masentimita 59 basi. Iye ndiye ankakwezera anzake mipira. M'chaka cha 2012 timu yake inapata mendulo ya nambala 3 pa Olimpiki ya ku London. Tayezani masentimita 159 pa khoma lija. Mwina achemwali anu afikapo kale!

Nanga mnzathu amene ali ndi ulumali wa miyendo, azingoonerera? Ayi ndithu. Pali volebo yosewera mutakhala pansi. Bwalo lake ndi la mamita 10 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, ndipo neti yake ndi yotsika. Osewera amasuntha ndi manja, mwachangu kwambiri. Imaseweredwa pa mpikisano waukulu wa dziko lonse wa anthu aulumali, wotchedwa Paralimpiki. Tsiku lina yesani nonse. Khalani pansi pa udzu, mangani chingwe chotsika, musewere limodzi. Muona kuti si yophweka, ndipo mwina mnzanu uja ndiye akuposani nonse.

Kodi luso lonseli munthu amabadwa nalo? Ena amabadwa ndi poyambira pabwino, n'zoona. Koma luso limakula. Taonani kanjira kochoka kwanu kupita ku mjigo. Kale panali udzu wokhawokha. Anthu anadutsapo lero, mawa, mkuja, mpaka njira inayera. M'thupi mwanunso muli tinjira tochoka ku ubongo kupita ku miyendo ndi manja. Mukabwereza chinthu kawirikawiri, kanjira kake kamayera, ndipo uthenga umathamanga msanga. Tinjira timeneti timatseguka mosavuta munthu akadali mwana. M'mera mpoyamba. Nambala imene mwalemba lero ikungonena za lero. Sikunena za chaka chamawa.

Ndiye tiziphunzirira kuti? Pabwalo pomwepo pamene mumasewera madzulo! Pa fulaye mumazinda mpira, kudumpha ndi kuwakha. Pa jingo mapazi amaphunzira nthawi yoyenera kuchoka pansi. Pa chipako mumathamanga, kuima mwadzidzidzi ndi kukhota. Pogenda mango mkono umaphunzira kuponya kuchokera pamwamba pa phewa, monga amachitira womenya volebo. Ndipo inu ana a Angoni, taonani ovina ngoma. Amakweza mwendo umodzi, n'kuponda pansi mwamphamvu onse nthawi imodzi, chishango chili m'manja, osadzandira. Kumeneko ndiye kumvana kwa ziwalo! Musasankhe masewera amodzi okha mukadali aang'ono. Sewerani osiyanasiyana, anyamata ndi atsikana omwe.

Kodi mwana wa ku Kandeu angafike pati ndi volebo? Akhoza kufika kutali. Kuno kwathu kuli bungwe la Volleyball Association of Malawi limene limayang'anira masewerawa. Kuli matimu odziwika monga Kamuzu Barracks ndi Moyale Barracks. Matimu akhala akukumana ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu, pa mpikisano wa Raiply. Ku Kenya kuli timu ya amayi yotchedwa Malkia Strikers. Mawu oti malkia m'Chiswahili amatanthauza mfumukazi, ngati dzina la ma Queens athu. Timu imeneyi yakhala akatswiri a Africa kambirimbiri, ndipo inakasewera pa Olimpiki ya ku Paris m'chaka cha 2024. Aliyense wa osewera amenewa anali mwana ngati inu, ndipo tsiku loyamba mpira unkamuthawa m'manja.

Nanga bwalo lathu tilipanga bwanji? Pemphani wamkulu akuthandizeni kukumba mayenje awiri n'kuzika nsungwi ziwiri. Mangani chingwe pakati pake, chokwera kungopitirira pang'ono pamene manja anu amathera. Mangirirani tinsanza kapena timajumbo pa chingwecho kuti chizioneka. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, ana anga. Neti ya udzudzu musaitenge. Imeneyo ndi yogonamo, imakutetezani ku malungo. Tolani miyala ndi magalasi osweka pabwalo. Imwani madzi musanayambe ndiponso mukamaliza. Pena pakapweteka, lekani n'kuuza wamkulu. Mukasowa anthu 12, sewerani awiri uku awiri uko.

Kodi ntchito ya kunyumba ilipo? Ilipo, koma ndi yokoma. Tsegulani tsamba latsopano m'kope lanu. Lembani deti la lero. Pansi pake lembani nambala zinayi: mapazi a pamzere, kudumpha kwa cham'mbali, masentimita a pa khoma, ndi nambala ya pa rula. Sewerani tsiku lililonse mukamaliza ntchito za pakhomo ndi za kusukulu. Pakatha mwezi umodzi, yezaninso. Musapikisane ndi mnzanu. Pikisanani ndi chizindikiro chanu chakale chija. Mukachidutsa ngakhale ndi sentimita imodzi, kaonetseni aphunzitsi anu a masewera, ndipo mundilembere kalata. Ndikufuna kudziwa kuti kachala kanu ka choko kafika pati pa khoma.

Ndine wanu wokukondani,
Azakhali anu